Masekondi Makumi Anayi ndi Awiri

Uthenga unafika usiku, pa foni,
ine ndikutsuka makapu,
mphepo ya kudoko ikugwedeza malata a Valparaíso.
Sanalembe ndi munthu.
Unati: m'kanema wanu muli nyimbo ya eni ake,
masekondi makumi anayi ndi awiri.
Ndalama za otsatsa malonda zizipita kwa iwo.

Nyimbo iti?
Ine ndimajambula manja a bambo anga basi,
a Eleuterio, okonza mawotchi
m'kashopu kopanikizika kunsi kwa masitepe.
Zaka zitatu ndikutsamiritsa foni pa chitini cha khofi
kuti anthu a ku Osaka ndi ku Leeds
aone kasipuling'i kakubwerera m'malo mwake.
Ena amati amaonera kuti tulo tibwere.
Maso awo ndiwo ankagula mankhwala a mtima
ndi gasi wa mu Julaye, kukazizira.

Ndinavala zomvera m'makutu.
Mawotchi khumi ndi asanu akukangana za nthawi,
galu wa mayi Nélida,
kangolo kokwera phiri kakukukuta zitsulo,
kenako, patali, kuseri kwa khoma,
wailesi ya Baltasar wophika buledi.
Nyimbo ya munthu amene anafa ine ndisanabadwe.
Tsiku lojambula khutu langa silinaimve.
Khutu la makina linaitola
monga nkhuku itolera njere mumchenga.

Makina sagona, sapitanso kumaliro.
Sadziwa kuti pa masekondi omwewo
bambo anaika kopanira pansi
nayamba kung'ung'udza motsatira,
akuphonya mawu monga mwa masiku onse,
kenako anati, osayang'ana kamera:
"Amayi ako ankavina imeneyi nsapato zili m'manja."

Ndi kanema womaliza.
Tinawaika mu Epulo, ku Playa Ancha.

Andipatsa mabatani atatu.
Dula.
Zimitsa mawu.
Kapena tsutsa, koma ukaumirira n'kugonja pali chikwapu,
ndipo zikakwana zitatu
atseka chitseko, makanema onse ali m'kati.

Mchimwene wanga Anselmo,
wowerengera ndalama ku kampani ya makontena,
akuti zimitsa, lendi sidikira munthu wolira.
Akutinso woimbayo anasiya ana, nawonso amadya.
Sindikukana.
Bambo sankapereka wotchi mwiniwake asanalipire;
thukuta la munthu ndi la munthu.
Koma ndafufuza dzina lili pa uthengawo.
Si mwana wa woimba.
Ndi kampani yomwe inagula kampani
yomwe inagula kabati ya matepi
mumzinda umene sindidzaupondamo.

Ndinayesa kuzimitsa, kungofuna kuona.
Milomo ya bambo inkayenda
ngati ya nsomba kuseri kwa galasi.
Ndinabweza msanga, chala chikunjenjemera.

Ndiye ndausiya choncho.
Anthu zikwi mazana awiri auonera,
ndipo mwezi ndi mwezi timapeso timawoloka nyanja
kupita kwa anthu osadziwa
kuti amayi ankavula nsapato.
Ndimati ndi lendi:
bambo akukhala m'nyimbo ya eni.

Tsopano manja a m'kanema ndi anga,
ochedwa, ogwetsa timasikuluwu.
Ndisanayambe kujambula ndimagogoda kwa Baltasar.
Amazimitsa wailesi osafunsa,
nthawi zina amandininkha buledi wotentha.
Ndimatseka zenera chifukwa cha minibasi
zodutsa ndi zoimbira zawo,
ndimapempha kasitomala atontholetse foni.
Pansi pa kanema aliyense ndimalemba:
muno mulibe nyimbo.

Dzulo, pakati pa wotchi ya m'thumba
ya mkulu wina wopuma ntchito ya pasitima,
ndinamva munthu akung'ung'udza m'shopu,
akuphonya mawu pamalo omwe aja.
Kamera inali ikuyaka.
Ndinadziluma mlomo,
n'kuwerenga m'mutu masekondi amene ndaba.